Kwa achemwali oweruka usiku ku Sandton

Achemwali, ndawerenga dandaulo lanu lija: mumalowa ntchito 7 koloko m'mawa ku Sandton, ku Johannesburg, kuweruka 9 koloko usiku, Loweruka laputopu ili pamiyendo, ndipo mukuopa kuyankhula chifukwa pamiti yanu yogwirira ntchito ndi ya kampaniyo. Zandikhudza kwambiri. Inenso ndinakhala choncho zaka ziwiri mpaka BP inakwera.

Yambani mwaona malipiro anu apachaka. Lamulo la ntchito la kuno ku South Africa, la Basic Conditions of Employment Act la 1997, limati ntchito ndi maola 45 pa sabata, ovataimu isapitirire maola 10 pa sabata ndipo ilipidwe kamodzi ndi theka, komanso mukaweruka padutse maola 12 musanalowenso. Koma ambiri a m'maofesi sitidziwa kuti wolandira ndalama zopitirira malire amene boma limaika satetezedwa ndi ndime za maolazi. Mu 2024 malirewo anali R254,371 pachaka. Ngati muli pamwamba pake, chokugwirani ndi kontrakiti yanu, ndiye iwerengeni bwino. Tchuthi chokha ndi cha tonse: masiku 21 otsatizana pachaka, ndi masiku 30 a matenda pa zaka zitatu kwa wogwira masiku asanu pa sabata. Tengani, si chifundo cha bwana ayi.

Koma chimene chinandipulumutsa ine si lamulo. Ife Amalawi tinaleredwa kuyankha kuti "chabwino bwana" ngakhale katundu atakwana kale pamutu. Kuno ku Joni amatiyamikira kuti ndife ofatsa, ndipo wofatsayo ndi amene amamusenzetsa za anzake. Ndinakhala pansi Lamlungu lina n'kulemba ntchito zonse zimene zinali m'manja mwanga, iliyonse ndi maola ake. Zinakwana zisanu ndi zinayi. Lolemba ndinatumiza imelo kwa manijala: "Ntchito ndili nazo ndi izi, sabata ino zingatheke zinayi. Ndiyambe ziti, zidikire ziti?" Sindinakane chilichonse, ndinangomupatsa iye kuti asankhe. Ndinadabwa kuona kuti theka la ntchitozo sankadziwa n'komwe kuti zili kwa ine, poti aliyense ankangobwera payekha kudzandisiyira. Zitatu zinapita kwa ena tsiku lomwelo. Muzichita zimenezi Lolemba lililonse, ndipo polemba, osati pakamwa mukakumana pakhonde. Nthawi yolowa ndi yoweruka muzilemba m'kabuku kanu kunyumba, osati pakompyuta ya kampani.

Za pamitizo mantha anu ndi omveka, n'chifukwa chake musasiye ntchito ndi mkwiyo musanapeze pogwira. Dziwani kuti CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, imamvanso milandu ya anthu ochokera kunja, simulipira kanthu, ndipo akakuchotsani mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okadandaula.

Akumudzi nawonso auzeni zoona. Amaona Mukuru ikulowa, saona kuti mukugona maola anayi. Ine ndinawauza ndalama imene ndingathe pamwezi ndi tsiku lake. Mayi anayamba adandaula, kenako anamvetsa.

Mutu umene mwati ukupweteka tsiku ndi tsikuwo musaulimbane ndi Panado. Pitani kwa dokotala sabata ino akakuyezeni BP, ndipo akakulemberani kalata yopuma, kapumeni foni ya kuntchito itazima. Usiku maganizo akakuchulukirani, a SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, ali konkuno ku Johannesburg ndipo amayankha foni kwaulere.

Imelo ija mukailemba, nditumizireni kumbali tiione limodzi musanaipereke Lolemba.