Kodi phiri likanthunthumira ndiye kuti liphulika?

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti akatswiri amatchera makina omvetsera kugwedezeka kwa nthaka pansi pa mapiri otulutsa moto. Kodi phiri likayamba kunthunthumira ndiye kuti liphulika basi?

YANKHO: Si nthawi zonse ayi, komabe kunthunthumirako si chinthu chochinyalanyaza. Makina oyeza zivomezi amajambula kugwedezeka kwamitundu ingapo. Pali tizivomezi tadzidzidzi timene timachitika thanthwe likasweka pokankhidwa ndi chiphalaphala chamoto chimene chikudziboolera njira, ndipo timeneti timatha m'masekondi ochepa. Palinso kunthunthumira kosalekeza kumene mwafunsaku, komwe kumatenga mphindi, masiku ngakhalenso miyezi, nthaka ikugwedezeka kawirikawiri kamodzi mpaka kasanu pa sekondi, mwapansipansi moti munthu woyenda pamwamba samva kanthu. Kumeneku kumabwera chifukwa cha chiphalaphala, mpweya kapena madzi otentha amene akudutsa m'ming'alu, monga momwe paipi imanjenjemerera madzi akamathamanga m'kati mwake.

Choncho makinawo amangotiuza kuti pansi pali chimene chikuyenda, koma satiuza ngati chidzafika pamwamba. Ku Campi Flegrei, dera la mapiri otulutsa moto pafupi ndi mzinda wa Naples ku Italy, nthaka inatukuka pafupifupi mamita awiri pakati pa 1982 ndi 1984, zivomezi zinachuluka, anthu a m'tauni ya Pozzuoli m'deralo anasamutsidwa, koma phirilo silinaphulike. Ku phiri la Pinatubo, m'dziko la Philippines, zinayenda mosiyana. Akatswiri anaona zivomezi zikuchulukirachulukira ndiponso zikuyandikira pamwamba, anayezanso mpweya wa sulufule wotuluka m'phirimo, ndipo anthu masauzande ambiri anali atachoka kale pamene linaphulika koopsa pa 15 June 1991.

Chimene chimandiwawa mtima kwambiri ndi nkhani ya phiri la Ontake ku Japan. Pa 27 September 2014, kunthunthumira kunayamba kutangotsala mphindi pafupifupi 11 kuti liphulike, pamene alendo ambiri anali pansonga pake, ndipo anthu 63 anafa kapena kusowa. Chimene chinaphulika kumeneko sichinali chiphalaphala chokwera pang'onopang'ono, koma madzi amene anatentha mobisika n'kusanduka nthunzi mwadzidzidzi, ndipo kuphulika kotereku sikupereka mpata wokwanira wochenjeza anthu.

N'chifukwa chake katswiri wosamala sadalira kunthunthumira kokha. Amaona ngati kukukula, ngati gwero lake likusunthira m'mwamba, ngati phiri likutupa malinga ndi makina a GPS ndi zithunzi za setilaiti, komanso ngati mpweya wasintha kuchuluka kwake. Amafunikanso kudziwa khalidwe la phirilo pa masiku amene lili phee, pakuti phiri la Etna ku Sicily limanthunthumira pafupifupi nthawi zonse, pamene kunthunthumira komweko kukayamba pa phiri limene lakhala chete zaka mazana angapo, akatswiri sagonanso tulo.