Kodi ISO 9001 ndi yokwanira kuti mugulitse zipangizo kwa okumba mafuta ndi gasi?

Ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ntcheu amene akugwira ntchito ku Germiston, ku South Africa, pa kampani yaing'ono yosema zitsulo. Akuti abwana awo amva zoti ntchito za gasi ku Mozambique zili ndi ndalama, ndiye akufuna kuyamba kupanga mafulanji (zitsulo zozungulira zolumikizira mapaipi), mabawuti ndi tizigawo ta mavavu (zotsegulira ndi kutsekera mapaipi) kuti azikagulitsa kumeneko. Kampaniyo ili kale ndi satifiketi ya ISO 9001. Funso lawo ndi ili: "Kodi imeneyi siyokwanira? Nanga API imene aliyense akungoitchulayi n'chiyani, ndipo munthu amaipeza bwanji?"

Achimwene, zikomo polemba. Siyokwanira, koma musathamangirenso kukauza abwana kuti atulutse ndalama za API mawa lomwe. Ndifotokoza.

ISO 9001 ndi ya aliyense: wophika buledi, wosindikiza mabuku, wosoka mayunifolomu. Imangotsimikiza kuti muli ndi dongosolo logwirira ntchito, munalilemba, ndipo mumalitsatira. Sinena kanthu za mtundu wa chitsulo chimene chingapirire mphamvu ya gasi wotuluka pansi pa nthaka. Zipangizo za pakamwa pa chitsime zimapangidwa kuti zipirire mphamvu yoyambira pa 2,000 psi mpaka 20,000 psi. Yerekezerani ndi tayala la galimoto yaing'ono, limene timalipopa kufika cha m'ma 30 psi basi.

API ndi chidule cha American Petroleum Institute, bungwe la makampani a mafuta la ku America limene linakhazikitsidwa mu 1919. Linayamba kutulutsa miyezo mu 1924, pa nthawi imene paipi ya kampani ina inkakana kulumikizana ndi ya kampani inzake, ntchito n'kuima. Lero miyezo yake imagwira ntchito pafupifupi kulikonse kumene kukukumbidwa mafuta, ku Angola, ku Nigeria, ku Saudi Arabia, konse.

Kwa opanga zipangizo, nkhaniyi ili pawiri. Mbali yoyamba ndi API Spec Q1, imene imayang'ana kayendetsedwe ka fakitale yonse. Imafanana ndi ISO 9001 koma ndi yokhwima kwambiri, ndipo yatsopano yake, ya nambala 10, inatuluka mu 2023. Mbali yachiwiri ndi muyezo wa chinthu chenichenicho chimene mukupanga: 6A ndi wa zipangizo za pakamwa pa chitsime, 6D wa mavavu a mapaipi, 5CT wa mapaipi otsikira m'chitsime, 5L wa mapaipi onyamula mafuta ndi gasi mtunda wautali, 16A wa zida zotsekera chitsime chikafuna kuphulika, 20E wa mabawuti. Mukakwaniritsa mbali zonse ziwiri, API imakupatsani laisensi yodinda chizindikiro chake, API Monogram, pa katundu wanu. Musanapemphe n'komwe, dongosolo lanu la Q1 liyenera kukhala litagwira ntchito kwa miyezi 4, kenako amatumiza munthu kudzayendera fakitale. Laisensiyo imakhala zaka 3, ndipo pakatipo amabwerabe kudzaona. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti laisensi ndi ya malo amodzi okha komanso ya katundu amene walembedwapo. Kampani ikakhala ndi mafakitale awiri, ya ku Germiston singabwereke laisensi ya ku Durban.

Palinso ISO 29001, imene ndi ISO 9001 yowonjezeredwa zofuna za makampani a mafuta ndi gasi. Ogula ena amaivomera, koma siikupatsani chilolezo chodinda chizindikiro cha API.

Popeza mwatchula mabawuti, mverani nkhani iyi, chifukwa mtima wa zonsezi uli pamenepa. Aliyense amakumbukira Deepwater Horizon, imene inaphulika pa 20 April 2010 ku Gulf of Mexico n'kupha anthu 11. Koma ochepa amadziwa zimene zinachitika m'nyanja yomweyo mu December 2012. Pa sitima yokumba ya Discoverer India, mabawuti 36 ogwira chida chotsekera chitsime pansi pa nyanja anathyoka, mbali ya pamwamba n'kulekana ndi ya pansi. Mwamwayi sipanafe munthu. Bungwe la boma la America loona za chitetezo pa ntchitozi, BSEE, litafufuza linapeza kuti mabawutiwo anakutidwa ndi zinki, koma sanawotchedwe mu uvuni pambuyo pake monga mmene zimafunikira. Mpweya wa haidrojeni umene umalowa m'chitsulo pokuta unatsalira momwemo, chitsulo n'kukhala chosachedwa kuthetheka. Amene analakwitsa pokuta sanali kampani yaikulu yogulitsa chidacho, koma kampani ina yapansi imene inangopatsidwa ntchito yokuta, ndipo inkatsatira muyezo wakale. Wamkuluyo ankayendera okhawo amene amamugulitsa katundu mwachindunji, osafika kwa amene ali pansi pawo. Mabawuti masauzande ambiri anachita kusinthidwa pa zitsime za m'maiko osiyanasiyana.

Mwaona pamene pali kampani yanu? Ili pamzere womwewo. N'chifukwa chake woyendera akabwera sachita chidwi ndi satifiketi yopachikidwa mu ofesi ya abwana. Amatola fulanji imodzi pashelefu n'kufunsa kuti chitsulo chake chinachokera kuti. Muyenera kumuonetsa nambala ya mphika umene chinasungunulidwira, yodindidwa pachitsulopo, ndi pepala la kufakitale ya zitsulo, lija amati EN 10204 3.1, lokhala ndi nambala yomweyo. Kenako afunsa kuti anachiwotcha ndani, pa moto wotani, kwa maola angati, ndipo tchati chake chili kuti. Anayeza kulimba kwake ndani? Chida chimene anayezeracho chinapimidwa liti, ku labu yovomerezeka ndi SANAS, bungwe lovomereza malabu ku South Africa, kapena ayi? Wowotcherera ali ndi mapepala a ASME Section IX, muyezo woyesera luso la owotcherera? Ngati munadula chitsulo chachitali n'kuiwala kusamutsa nambala pa chidutswa chotsala, chidutswacho chatha ntchito, ngakhale chikhale chabwino chotani. Amisiri athu ambiri manja ali nawo, ndipo amasema bwino kuposa mmene pepala likufunira. Chimene chimatigwetsa ndi kulemba. Ntchito imene sinalembedwe, kwa anthu amenewa, sinachitike.

Chinanso, gasi wina amakhala ndi mpweya wa H2S, uja wonunkha ngati dzira lowola, umene umang'amba chitsulo cholimba kwambiri. Pamenepo pamalowa muyezo wa NACE MR0175, umene umadziwikanso kuti ISO 15156. Pa zitsulo wamba umaletsa kulimba kopitirira 22 HRC (HRC ndi sikelo yoyezera kulimba kwa chitsulo). Ndiye mmisiri amene wazolowera kuti cholimba ndiye chabwino ayenera kusintha maganizo.

Tsopano za Mozambique. Gasi alikodi: Sasol yakhala ikupopa wa ku Pande ndi Temane kupita ku Secunda, ku South Africa, kuyambira 2004, fakitale yoyandama pa nyanja ya Coral Sul, ya kampani ya Eni, inayamba kutumiza gasi kunja mu 2022, ndipo ntchito ya TotalEnergies ku Afungi inaimitsidwa mu 2021 chifukwa cha nkhondo ya ku Cabo Delgado. Koma zida za pachitsime penipeni zimachokera kwa akuluakulu monga SLB, Baker Hughes ndi TechnipFMC, ndipo kampani yaing'ono singalimbane nawo. Komanso katundu wambiri wa pamtunda, m'fakitale yoyeretsera gasi, satsata API 6A ayi. Mafulanji a mapaipi wamba amatsata ASME B16.5, mabawuti ake ASTM A193. Abwana anu akhoza kuwononga ndalama zambiri pa laisensi imene wogula wawo sakuifuna.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi kufunsa wogula mmodzi weniweni kuti amafuna mapepala ati kuti akulembeni pa mndandanda wa omugulitsa katundu. Ndikanagula buku la Q1 ndi la muyezo wa chinthu chimodzi chokha, n'kukonza fakitale kuti izitsatira zimenezo, kenako n'kufunafuna ntchito kwa kampani imene ili kale ndi laisensi, kuti muziwasemera tizigawo. Iwo adzakuyenderani okha, ndipo mudzaphunzira pa ndalama zawo. Laisensi yanuyanu idzabwere maoda akayamba kuoneka.

Ndipo wina akakubweretserani satifiketi ya API, kaya wogulitsa zitsulo kaya wodzitcha mlangizi wolonjeza kukupezerani pepala m'masabata awiri, lowani pa webusaiti ya API muone pa Composite List, mndandanda wa makampani amene ali ndi laisensi. Ndi yaulere. Onani dzina la kampani, adiresi ya fakitale, katundu amene analoledwa ndi tsiku lothera laisensi. Zikapanda kugwirizana ndi pepala lili m'manja mwanu, musagule.