Yambani ndi waya, maginito pambuyo

Achimwene, mwafunsa komwe mungapeze zipangizo zokulungira pickup ya gitala yamagetsi (kachipangizo ka waya ndi maginito kotola kunjenjemera kwa nsambo) kunyumba, komanso matabwa oyenera thupi la gitalayo. Za matabwazo ayankhe ena. Ine ndiima pa waya, chifukwa ndi amene anandiliza nditangoyamba kumene.

Ndawerenga ena akuti muphwasule transifoma yakale kapena mota, mutengemo waya. Musavutike. Waya ameneyo ndi wonenepa, adzadzaza bobini (chokulungapo waya) musanafike ngakhale theka la kuzunguliza kofunika, ndipo nthawi zambiri amakhala womatana ndi vanishi moti pomumatula utoto wake umasupuka. Wa pickup ndi 42 AWG (AWG ndi muyeso wa kunenepa kwa waya), wa mkuwa wokutidwa ndi utoto, kunenepa kwake pafupifupi mamilimita 0.063, ngati tsitsi. Pickup imodzi ya gitala ya mtundu wa Stratocaster imafuna kuzunguliza ka 8,000 kapena pamenepo, womwe ndi waya wokwana kilomita imodzi, ndipo pa multimeter (choyezera magetsi) imawerenga cha m'ma 6,000 ohms. Ulipo wa 43 AWG, wowonda kuposa pamenepo, koma musayambe ndi umenewo, umaduka msanga.

Ine ndinagula kasipulu kakang'ono kotchipa pa intaneti, kolembedwa 42 bwinobwino. Ndinakhala madzulo onse pa mota ya makina osokera, waya akudutsa pakati pa zala ziwiri, maso ali pa kauntala yowerenga kuzunguliza. Nditadutsa 6,000 ndinangomva kupepuka m'zala, waya waduka. Ndinalumikiza, anadukanso. Poyang'anitsitsa, m'mphepete mwa sipuluyo munali kozokoka, kakang'ono koti mumakamva ndi chikhadabo chokha. Pajatu sipulu sizungulira, imaima pansi ndipo waya amavundukuka chokwera akukhudza m'mphepetemo, ndiye kachilema kalikonse kamamukola. Ndinadula koyilo yonse ndi lumo, mtima ukuwawa.

Choncho gulani kwa ogulitsa zipangizo za opanga magitala, monga StewMac kapena Mojotone, kapena waya wa fakitale yodziwika ngati Elektrisola. Tengani sipulu ya theka la paundi, imatulutsa ma single coil (ma pickup a koyilo imodzi) osachepera 5. Tisipulu ting'onoting'ono timaoneka totchipa, koma mukawerengera pa kulemera mupeza kuti mwalipira mwina kawiri. Katundu akachokera kutali, ndalama yotumizira imatha kufanana ndi ya wayayo, ndiye itanitsani zonse pakamodzi. Ikangofika sipuluyo, yendetsani chala m'mphepete musanachite china chilichonse.

Pa utoto wa waya, sankhani wa poly (polyurethane). Umasungunuka wokha mukamawotcherera. Utoto wa plain enamel ndi wa Formvar ndi umene uli pa mawaya amene ankagwiritsidwa ntchito pa magitala akale a Fender ndi Gibson, ndipo anthu amawatamanda, koma ndi okwera mtengo komanso amafuna kupala kaye nsonga ndi sandipepa wosalala. Kupala waya wonga tsitsi manja asanazolowere ndi kudziputira mavuto.

Maginito savuta kwenikweni. Timitengo ta maginito a mtundu wa Alnico 5 n'tokwanira poyambira. Chenjezo ndi lakuti kawirikawiri timabwera topanda mphamvu, muyenera kutidutsitsa pakati pa maginito awiri amphamvu a neodymium mukamaliza kukulunga. Ambiri amaganiza kuti awagulitsa zabodza, pomwe ndi mmene amabwerera. Onetsetsaninso kuti kunenepa kwa timitengoto kukugwirizana ndi mabowo a flatwork yanu (timbale tiwiri tafulati topanga pamwamba ndi pansi pa bobini), chifukwa tilipo ta mainchi 0.187 ndi ta 0.195. Timitengo ndi flatwork mugule kwa munthu mmodzi pamodzi ndi ma eyelet (timphete tachitsulo towotchererapo nsonga za waya). Musanayambe kukulunga, kutani timitengoto ndi tepi yopyapyala kapena lacquer (mtundu wa vanishi), kuti waya asakhudze chitsulo.

Ngati muli ndi pickup yakufa ya gitala yotchipa, musataye. Dulani waya wakale, muphunzirire pa bobini yakeyo.

Simunafunse za phula, komabe ndinene. Pickup yosaviikidwa m'phula imalira mluzu mukakweza ampulifaya. Sakanizani magawo 4 a phula la makandulo ndi gawo limodzi la sera ya njuchi, kutentha kwake kukhale cha m'ma 65°C. Chitini cha phulacho muchiike m'madzi otentha, osati pamoto mwachindunji, chifukwa phula limayaka, ndipo likatentha kwambiri limapinda bobini ya pulasitiki.