Tifunseni: Tipite pachilumba nthawi imene kulibe alendo?

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Ine ndi amuna anga takhala tikusunga kandalama zaka ziwiri tsopano kuti tikapumeko pachilumba cha m'nyanja ya mchere, maso athu ali pa Zanzibar koma kwina kulikonse kotentha kwa mchenga woyera tingapite. Za madansi ndi chipwirikiti sitikuzifuna, tatopa, tikungofuna pachete basi. Vuto ndi loti tchuthi chathu chikugwera mu Epulo ndiye anzathu akuti kumeneko n'kutaya ndalama, akuti ndi nthawi ya mvula ndipo mahotela amakhala mbee opanda munthu. Komatu ife kupanda anthuko ndi kumene tikufuna. Tipite kapena tidikire? Ndine mayi wotopa ndi phokoso.

YANKHO: Mayi, zimene mukufunazo n'zabwino ndipo musalole kuti anzanu akuchititseni manyazi nazo. Gombe lopanda anthu m'mawa, inu awiri ndi mafunde okha, palibe wokutsatirani kuti mugule chakuti, ogwira ntchito pahotela ali ndi nthawi yocheza nanu mpaka kudziwa mayina anu, chipinda chimene pa Disembala simukadachikwanitsa mukuchipeza motsika, zonsezi zimapezeka nthawi imeneyi yokha. Koma anzanuwonso sakunama kwenikweni. Anthu akamathawa malo mwezi winawake pamakhala chifukwa, ndiye funso loyamba ndi loti chikuwathamangitsa n'chiyani, ndipo inu mungachipirire?

Ku Zanzibar chowathamangitsa ndi mvula yaikulu imene eni ake amati masika, imayamba mu Malichi mpaka Meyi ndipo Epulo wanuyo ndiye pachimake penipeni. Si kamvula kongowaza kenaka dzuwa ayi, masiku ena imagwa mvumbi kuyambira m'mawa mpaka usiku, zovala siziuma, thawulo limanunkha chinyezi, misewu ing'onoing'ono imadzaza madzi, ndipo mahotela ena amatsekeratu kuti akonze madenga ndi kupenta. Pali mvula ina yaing'ono ya Novembala ndi Disembala, amati vuli, imeneyo nthawi zambiri imagwa pang'ono n'kudutsa. Ndiye kukanakhala kuti tchuthicho mungathe kuchisuntha, ine ndikanati kankhirani kumapeto kwa Meyi kapena koyambirira kwa Juni, mvula ikusiya koma chigulu cha alendo a Julayi ndi Ogasiti chisanafike. Kumphepete kwa sizoni ngati kumeneko n'kumene munthu amapeza chete popanda kukhalira m'chipinda sabata yonse.

Ngati sichingasunthe, kumbukirani kuti mvula siigwa nthawi imodzi pa zilumba zonse. Ku Thailand, zilumba za mbali ya nyanja ya Andaman monga Phuket ndi Koh Lanta zimalandira mvula kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene Koh Samui imene ili mbali inayo mvula yake yaikulu imabwera cha mu Okutobala mpaka Disembala, dziko limodzi lomwelo. Ku Maldives nyengo ya mvula ndi Meyi mpaka cha mu Novembala, ndipo chosangalatsa n'chakuti nthawi yomweyo ndi imene nsomba zikuluzikulu zotchedwa manta zimasonkhana ku Hanifaru Bay. Ndiye Epulo wanuyo si nyengo ya mvula yaikulu kumalo onsewa. Chimene sindingakulangizeni kusewera nacho ndi namondwe. Ku Mauritius anamondwe amaopsa kwambiri Januwale mpaka Malichi, ku zilumba za Caribbean, kufupi ndi America, nyengo yake imawerengedwa kuyambira 1 Juni mpaka 30 Novembala. Mvula imangokunyowetsani, koma namondwe amaimitsa ndege ndi maboti.

Za mabotizi ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amalirira. Alendo akachepa maulendo a boti amachepanso, kwina amaima kumene, ndipo nyanja ikakalipa boti la tsiku limenelo silinyamuka kaya muli ndi tikiti kaya mulibe. Musakonze zoti muchoke pachilumba m'mawa wa tsiku lomwe ndege yanu yobwerera ikunyamuka, siyani tsiku limodzi lapakati, awiri ngati kachilumbako ndi kakang'ono kodalira boti limodzi. Ndipo musanalipire kalikonse alembereni a hotela muwafunse mosabisa: kodi kophikira kukhala kotsegula, kodi pali ntchito yomanga imene ikuchitika, jenereta ilipo magetsi akazima, malo odyera apafupi akugwira ntchito? Zimawawa kuthawa phokoso kwanu n'kukapeza anthu akukhoma misomali chipinda choyandikana nacho kuyambira 7 koloko m'mawa.

Mbali ya chilumba nayonso musaitenge mwachisawawa. Pa Zanzibar pomwepo, kum'mawa monga ku Paje ndi Jambiani madzi akaphwa amapita kutali kwambiri moti kusamba mumadikira abwerere, ndipo izi zimachitika kawiri pa tsiku, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene. Kumpoto ku Nungwi ndi Kendwa madzi sathawa choncho, koma n'kumenenso kumakonda kudzaza anthu. Kwa ofuna chete ngati inu kum'mawako kungakukomereni, kuyenda pamchenga wonyowa madzi ataphwa n'kokoma pakokha. Tsiku la mvula mutha kulithera ku Stone Town, mzinda wakale umene bungwe la United Nations loona za chikhalidwe la UNESCO linauika pa mndandanda wa malo osungidwa mu 2000.

Pagombe lopanda anthu palibenso wokuonani mukavutika m'madzi, ichi ndikunena mochokera pansi pamtima. Mukaona mbendera yofiira musalowe, ndipo madzi akayamba kukukokerani pakati musalimbane nawo molunjika kumtunda, sambirani chopingasa motsata gombe mpaka mutuluke pamene madziwo akukoka. Udzudzu umachulukanso ndi mvula, ndipo umene umapatsa matenda a dengue umaluma masana, ndiye neti yokha siikwanira, tengani mafuta othamangitsa udzudzu.

Ndiye mayi, ngati inu ndi bambowo mungakhale pakhonde masiku atatu otsatizana mukuonera mvula ikugwera m'nyanja osayamba kuwerenga ndalama zimene mwawononga, pitani mu Epulo momwemo. Ngati mumtima mukufuna dzuwa ndi kusamba tsiku lililonse, kapempheni kuntchito akusunthireni tchuthicho chifike mu Juni.