Chifukwa chake makatuni akale a ku Japan adadzaza nyama ndi nthano

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji makatuni akalekale a ku Japan muli anyani, akalulu ndi nthano zokhazokha, osati anyamata amaso akuluakulu tidawazolowera aja. Ambiri akuyankhani kuti n'chikhalidwe chawo. Sindikukana, koma ine ndikuona kuti nkhani yayikulu idali ndalama.

Makatuni a ku Japan oonetsedwa m'nyumba za kanema adayamba mu 1917, ndipo amuna atatu ndiwo adatsegula njira: Shimokawa Oten, Kouchi Jun'ichi ndi Kitayama Seitaro. Kitayama adayamba ndi nthano ya nyani ndi nkhanu. Nyani apusitsa nkhanu, ailanda mpunga n'kuipatsa njere. Njereyo imera, mtengo ubala, nyani akwera n'kumadya zakupsa, nkhanu aigenda ndi zaziwisi mpaka kuipha. Ana a nkhanu abwezera mothandizidwa ndi njuchi komanso mtondo, inde mtondo wosinjira womwewu, umene ugwa kuchokera padenga n'kumupsinja nyani. Mwana aliyense ku Japan ankaidziwa nthanoyi, ndiye filimu ya mphindi zochepa, yopanda mawu, sinkafunika kulongosola zambiri. Zotsalazo ankamaliza ndi benshi, munthu woima pambali pa chinsalu n'kumafotokoza ndi kuyankhula m'malo mwa nyamazo, monga amachitira anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa kwathu kuno.

Chinanso n'chakuti mapepala oonekera aja ankajambulapo a Disney adali odula kwambiri. Ambiri ankangodula zithunzi papepala, mutu pawokha, mwendo pawokha, n'kumazisuntha pang'onopang'ono pansi pa kamera. Nyama imakhululuka ikamayenda modukizadukiza, munthu ayi. Komanso makatuni a ku America ankafika atabweza kale ndalama kwawo, motero ankagulitsidwa motchipa. Wojambula wa ku Japan kuti adye ankadalira masukulu, unduna wa zamaphunziro ndi makampani ofuna kutsatsa malonda. Nanga mphunzitsi agula chiyani? Nthano yokhala ndi phunziro basi. N'chifukwa chake mu 1924 Yamamoto Sanae adajambula mpikisano wa kalulu ndi kamba, nthano ya Aesop, wanthano wakale wa ku Greece, imene ana a ku Japan ankaiimba kale kusukulu.

Kwa ine katswiri wa nthawi imeneyo ndi Murata Yasuji. Onerani Kobutori ya 1929, ya nkhalamba yokhala ndi chotupa patsaya imene idavina bwino pamaso pa zilombo zakuphiri mpaka zidaichotsa chotupacho, pomwe mnzake wosadziwa kuvina adabwerako ndi zotupa ziwiri. Simungakhulupirire kuti ndi mapepala odula. Ofuji Noburo nayenso ngwapatali, ankagwiritsa ntchito chiyogami, mapepala okongoletsa amaluwamaluwa.

Koma musaganize kuti nyamazi zidakhala zosalakwa mpaka kalekale. Momotaro, mwana wobadwa m'pichesi amene amapita kukagonjetsa ziwanda pamodzi ndi galu, nyani ndi mbalame, asilikali adamukonda kwabasi. Gulu lankhondo lapamadzi lidalipira wojambula makatuni Seo Mitsuyo, ndipo mu 1943 adatulutsa filimu ya mphindi 37 momwe nyama za Momotaro zikuphulitsa chilumba cha ziwanda, aliyense akudziwa kuti akunena Pearl Harbor, doko la asilikali a ku America limene Japan idaphulitsa mu 1941. Mu 1945 padabwera ina ya mphindi 74, katuni yoyamba yayitali ya ku Japan, tinyama tokongola titavala yunifolomu n'kumatsika ndi maparachuti. Njira yomwe ija yofikira ana kudzera m'nthano ndi imene boma lidadutsamo.

Zambiri za zaka zoyambirira zidatayika. Chivomerezi cha pa 1 September 1923 chidawononga Tokyo pamodzi ndi situdiyo ya Kitayama, ndipo filimu za nthawiyo zinkayaka msanga. Filimu ya Kouchi yotchedwa Namakura Gatana, ya 1917, idachita kupezeka m'sitolo ya zinthu zakale ku Osaka.

Zotsalazo mungazione kwaulere. Mu 2017, pokumbukira zaka 100, malo osungira mafilimu a dzikolo, amene pano amatchedwa National Film Archive of Japan, adaika mafilimu 64 pa intaneti. Sakani Japanese Animated Film Classics. Ambiri ngaafupi, sangakumalizireni bandulo.