Mafunso ndi Mayankho: Fandango yanga ikumveka ngati yosatha

FUNSO: Ndimaimba gitala mu kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo ma chord a C, F ndi G ndimawadziwa bwino. Posachedwapa ndayamba kuphunzira fandango, imodzi mwa nyimbo za flamenco za ku Spain, ndipo ndinauzidwa kuti ma chord ake ndi Am, G, F ndi E. Ndimawaimba motsatana momwemo, koma ndikafika pa E nyimbo imamveka ngati yathera panjira, moti dzanja limafuna kubwerera pa Am. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndine wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Zala zanu sizikulakwitsa kanthu ayi, koma khutu lanu ndi limene linazolowera nyimbo za mtundu wina. M'nyimbo zambiri za kwaya, chord yonga E imakhala yokonzera njira, ndipo womvera amayembekezera kuti pambuyo pake pabwera chord yopumulirapo. Ku Andalucía, kummwera kwa dziko la Spain kumene flamenco inabadwira, E ameneyu ndiye kwawo kwa nyimbo. Am, G ndi F ndi masitepe otsikira basi, ndipo mphamvu yonse ili pa F amene amagwera pa E. Oimba gitala kumeneko amati akuimba por arriba pamene nyimbo yakhazikika pa E, ndipo amati por medio ikakhazikika pa A.

Choncho yambani ndi ma chord awiri okha, F ndi E, kuwabwereza pang'onopang'ono mpaka khutu livomere kuti pa E ndi pothera. F wake asakhale wotseka nsambo zonse ndi chala chamkombaphala monga mumachitira ku kwaya. Gwirani E mwa nthawi zonse, kenaka sunthani zala zitatuzo fret imodzi (kagawo kamodzi ka pakhosi pa gitala) kutsogolo, n'kusiya nsambo ziwiri zing'onozing'ono zam'munsi osazigwira. Phokoso lake limamveka ngati lolimbana lokhalokha, ndipo ophunzira ambiri amalithawa poganiza kuti gitala yasokonekera, chonsecho kukoma kwa flamenco kwagona pamenepo.

Ndikulangizani kuti muyambe ndi fandango ya ku Huelva, chigawo china cha ku Andalucía komweko, chifukwa kugunda kwake n'kokhazikika. Imayenda mwa kugunda kutatukutatu, ndipo magulu anayi oterewa amapanga kugunda 12. Njira imene ambiri amayambira nayo ndi iyi: E7 pa gulu loyamba, Am pa gulu lachiwiri, G ndi F agawane gulu lachitatu, kenaka E pa gulu lachinayi. Werengani mokweza mawu uku phazi likugunda pansi, ndipo musathamangire rasgueado, kuja kotambasula zala chimodzichimodzi pa nsambo, kufikira kusintha ma chord kutasiya kukuchedwetsani. Palinso ma fandango ena amene woimba pakamwa amakoka mawu mmene wafunira popanda kugunda kokhazikika, koma amenewo muwapeza m'tsogolo.

Mbali imene ikusangalatseni ndi ya copla, ndime imene munthu amaimba pakamwa, pakuti apa nyimbo imachoka pa E n'kulowa m'ma chord anu a ku kwaya aja. Ndimeyi imakhala ndi mizere inayi kapena isanu ya ndakatulo, koma mzere umodzi kapena iwiri imabwerezedwa kuti zigawo zoimba zikwane zisanu ndi chimodzi. Chigawo choyamba chimadzera pa G7 n'kuthera pa C, chachiwiri chimathera pa F, chachitatu chimabwerera pa C, chachinayi chimaima pa G7, chachisanu pa C kachiwiri, ndipo chomaliza chimakwera pa F n'kugwera pa E. Kwa zigawo zisanu womvera amakhala ngati ali m'nyimbo yachisangalalo ya C, ndiye pamapeto penipeni F uja amasintha ntchito n'kuitembenuzira nyimbo kwawo. Mwa kuona kwanga, kutembenuka kumeneku ndiko kumapangitsa fandango kukhala yogwira mtima, ndipo woimba gitala amene afika pa F womalizayo mothamanga amaononga ndime yonse. Dikirani mawu a woimba afike kaye, inu mutsatire pambuyo, chifukwa mu flamenco gitala imaperekeza woimba.

Kuti khutu lizolowere msanga, mverani ma fandango a Paco Toronjo, amene anabadwa mu 1928 ku Alosno, tauni ya m'chigawo cha Huelva yodziwika kuti ndi kuchimake kwa nyimbo zimenezi, ndipo anamwalira mu 1998. Poyamba ingomverani gitala ili pambali, n'kumatchula pakamwa chord imene chigawo chilichonse chatherapo. Mukadzayesa kuimba naye limodzi n'kupeza kuti ma chord anu sakugwirizana ndi ake, dziwani kuti oimba gitala a flamenco amaika capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pamodzi kamene iwo amakatcha cejilla, kuti gitala ifanane ndi mawu a woimbayo. Kagwiridwe ka zala kamakhala komweko, ndipo inu mungosuntha capo fret imodziimodzi mpaka E wanu agwirizane ndi pamene ndime yake ikuthera.