Mlamba wokana kufa ndi mapapo a nkhuku

Mayi wina wa ku Chawama wandilembera imelo sabata yatha. Akuti alamu awo anawabweretsera nsomba kuchokera ku Kafue, bream ndi milamba iwiri m'thumba limodzi. Pofika kunyumba bream inali itauma kale, koma milamba inali ikuphiriphithabe m'beseni mpaka madzulo. Mwana wawo wa giredi 9 anafunsa ngati mlamba uli ndi mapapo, ndipo iwo anasowa chomuyankha. Anawonjezanso funso lawolawo: bwanji mapapo a nkhuku amakhala aang'ono chonchija, omatirira kunthiti?

Mayi, mwanayo wafunsa bwino, ndipo mafunso awiriwa ndi a mtundu umodzi. Tiyambe ndi bream imene inafa msanga.

Tsegulani chivundikiro cha m'mbali mwa mutu wa nsomba, mupeza makha, timizere tofiira tija timene mumayang'ana pamsika pofuna kudziwa ngati nsomba ndi yalero. Kufiirako ndi magazi amene ali pafupi kwambiri ndi khungu. Chiwalo chilichonse chopumira, kaya cha munthu kaya cha nsomba, chimafuna zinthu zitatu: chikhale chopyapyala, chonyowa, komanso chotambasuka. Mpweya wa okosijeni sulowa m'magazi podutsa pakhungu louma kapena lokhuthala. M'madzi timizere ta makha timayandama patalipatali, madzi n'kumadutsa pakati pake. Mukaivuula nsombayo timamatirirana ngati masamba a kope lonyowa, ndipo malo opumira amatsala ochepa zedi. Bream yanu inafa ndi kubanika ili pakati pa mpweya wochuluka kuposa umene inaupezapo moyo wake wonse.

Ndikutero chifukwa madzi ndi osauka pa okosijeni. Mumpweya umene tikupumawu okosijeni ndi 21 peresenti, pamene lita imodzi ya madzi imasunga wochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi lita ya mpweya, ndipo madziwo ndi olemera ka 800. N'chifukwa chake nsomba sikoka madzi n'kuwabweza pakhomo lomwelo monga timachitira ife ndi mpweya, ingatope. Madzi amalowa kukamwa, n'kutulukira kumakha, njira imodzi basi. Chochititsa chidwi n'chakuti m'kati mwa makha magazi amayenda molowera kumene madzi akuchokera, kotero magazi amakumana nthawi zonse ndi madzi amene ali ndi okosijeni woposa wawo. Nsomba zina zimatapa mpaka 80 peresenti ya okosijeni wa m'madzi odutsa. Ife timakoka mpweya wa 21 peresenti n'kutulutsa wa 16. Pa luso lotapa, bream imatiposa kutali.

Tsopano mlamba. Mapapo ulibe. Uli ndi makha ngati nsomba zina, koma pamwamba pa makhawo, m'kamphako ka m'mutu wake wophwatalalawo, muli kachiwalo kofiira ka nthambinthambi ngati kamtengo. Kamamera kuchokera ku mafupa a makha omwewo, ndipo n'kolimba, sikafota kakakhala kunja kwa madzi. Mlamba ukabwera pamwamba n'kumeza mpweya, umausunga m'menemo. N'chifukwa chake umapulumuka m'matope a dambo mu Okutobala, madzi atatentha n'kutsala opanda mpweya, ndipo usiku wa mvula umatha kukwawa pamtunda kufuna dziwe lina. Bola khungu lisaume. Alimi a nsomba amadziwa izi popanda buku: m'bandakucha bream zikamayasamula pamwamba pa dziwe, milamba imakhala ilibe nkhawa.

Komabe muuzeni mwanayo kuti sanalakwe kwenikweni, chifukwa nsomba ya mapapo enieni ilipo, ndipo ili m'zigwa za Zambezi momwemu. Asayansi amaitcha Protopterus, anthu a kumunsi kwa Shire amati dowe. Chilimwe chikafika imakumba m'matope, n'kudzikuta ndi mamina ouma ngati chikwa, kusiya kabowo kopumira, n'kugona miyezi yambiri kudikira mvula. Yaikulu mukaitsekera pansi pa madzi osailola kutulutsa mutu, imamira. Nsomba kumira m'madzi!

Apa ndi pamene ambiri tinaphunzira nkhani mozondoka. Timaganiza kuti nsomba zinali ndi makha okha, kenako zinyama zitakwera kumtunda ndi pamene zinapeza mapapo. Zimene ofufuza apeza ndi zakuti mapapo anayambira m'madzi, pakati pa nsomba zakalekale, zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, ngati kathumba kophuka kuchokera kummero. Nsomba zina zinakasunga n'kukakulitsa, ndipo m'banja limenelo munachokera zamiyendo inayi; mafupa a Tiktaalik, amene anapezeka mu 2004 kumpoto kwa Canada, a zaka pafupifupi 375 miliyoni, ndi a nyama ya pakati pa ulendo umenewo. Mwa nsomba zina zambiri kathumbako kanasintha ntchito n'kukhala koyandamitsa thupi. Ndi kaja koyera kamene ana amakonda kuphulitsa mukamatumbula bream. Wasayansi Charles Darwin ankaganiza kuti kathumba koyandamitsako ndiko kanabala mapapo, koma umboni wa masiku ano ukuloza kwina. Kamtengo ka mlamba ndi njira ina, yodzera padera, imene inabwera pambuyo pake.

Achule sindichedwa nawo. Mbululu imapuma ndi makha, chule wamkulu ali ndi mapapo osavuta amene amawapopa ndi khosi, n'chifukwa chake pakhosi pake pamagundagunda, ndipo mbali ina amapumira pakhungu. Nyongolotsi ndi khungu lokha.

Za nkhuku ndizo zimandisangalatsa kwambiri, mwina chifukwa ndinakula ndikupatsidwa ntchito yotumbula. Mapapo a mbuzi kapena athu ali ngati thumba: mnofu wopyapyala wolekanitsa chifuwa ndi mimba ukatsika, mapapo amafufuma, mpweya n'kulowa mpaka ku timatumba ting'onoting'ono mamiliyoni mazanamazana, kenako n'kubwerera njira yomweyo. Mpweya wakale sutuluka wonse, umasakanikirana ndi watsopano. Nkhuku ilibe mnofu umenewo, ndipo mapapo ake safufuma. Ndiwo aja mumawakokota ndi chala pakati pa nthiti. Chimene simuchiona ndi matumba a mpweya, kawirikawiri asanu ndi anayi, opyapyala kuposa pulasitiki ya buledi, amene amaphwa mpeni ukangolowa. Ena amafika mpaka m'kati mwa mafupa. Matumbawo ndiwo mvukuto. Amakankha mpweya kudutsa m'timapaipi ta m'mapapo molowera mbali imodzi, pokoka ndi potulutsa pomwe, kotero mapapo salandira mpweya wotsalira. Ndi aang'ono chifukwa ntchito yopopa anaipereka kwa ena. Ndipo popeza mvukutowo umayendetsedwa ndi fupa la pachidale, mwana akaifinya nkhuku pachifuwa poinyamula kuchokera ku msika wa Soweto akhoza kuibanikitsa osakhudza khosi.

Kwa nthawi yaitali anthu ankati kapumidwe kameneka ndi ka mbalame zokha, kothandiza kuuluka. Mu 2010 wasayansi Colleen Farmer ndi mnzake anaonetsa kuti mpweya umayenda mbali imodzi m'mapapo a ng'ona za ku America. Ng'ona ndi mbalame ndi pachibale, choncho njirayi iyenera kuti inayamba kuuluka kusanabwere. Mukadzapita ku Kalimba kukaona ng'ona zitagona padzuwa, mudziwe kuti m'chifuwa mwake zikufanana ndi tambala wanu kuposa mbuzi.

Tizilombo tinasankha zosiyana kotheratu. Tengani finkubala kapena chiwala, muone timadontho tondandalika m'mbali mwa thupi. Ndi timabowo, ndipo kuchokera pamenepo timapaipi timagawanika kufikitsa mpweya ku mnofu uliwonse mwachindunji, magazi osanyamula okosijeni n'komwe. Njirayi imayenda bwino pathupi laling'ono. Zaka pafupifupi 300 miliyoni zapitazo, okosijeni ali wochuluka kuposa lero, kunali achibale a tombolombo a mapiko ofika masentimita 70 akatambasulidwa mbali zonse ziwiri.

Alamu anu akadzabweretsanso mlamba, mutuwo musauponye mumphika msanga. Ung'ambeni kumbuyo kwa maso, pamwamba pa makha, mumuitane mwanayo adzatulutse yekha kamtengo kofiirako ndi nsonga ya mpeni.